Kusaka nyumba ya lendi ku Lilongwe: yambani ndi msewu wa kuntchito

Mwapeza ntchito ku Lilongwe, kapena akusamutsirani kuno kuchokera ku Blantyre kaya ku Mzuzu, ndipo pakadali pano mukugona pabalaza kwa achimwene anu uku mukufunsafunsa za nyumba. Aliyense akukupatsani nzeru zake. Wina akuti pitani ku Area 25, nyumba kumeneko n'zopepukirako. Wina akuti ku 47 ndiye kuli moyo. Alamu anu akuti bola ku 18, ndi pakatikati. Onsewa sakunama ayi, koma palibe ndi mmodzi yemwe amene azidzakukwererani minibasi m'mawa uliwonse. Ine ndasamukapo kanayi mumzinda muno, kawiri mokondwa, kawiri mothawa, ndipo chimene ndinaphunzira n'chakuti nyumbayo muziiona pomalizira. Zoyamba kuona zili panja.

Choyamba: dziwani Lilongwe amene mukugwiramo ntchito

Mzinda uno uli ndi mitu itatu. Boma litasamutsa likulu kuchoka ku Zomba mu 1975, maofesi a boma anakakhala ku Capital Hill ndi ku City Centre, patali ndithu ndi tauni yakale ya Old Town kumene kuli msika waukulu, depoti ya basi ndi masitolo a ku Malangalanga. Mafakitale, nkhokwe za chimanga ndi msika wa fodya zinapita kumpoto, ku Kanengo. Pakati pa Old Town ndi City Centre mpaka lero pali nkhalango. Ndiye wina akakuuzani kuti nyumba ili "pafupi ndi tauni", mufunseni kuti tauni yake iti.

Musanamizidwenso ndi manambala. Mlendo amaganiza kuti Area 24 ndi Area 25 n'zoyandikana ngati ana obadwa motsatana. Area 24 ili kummwera, chaku Ngwenya, pamene 25 ili kumpoto, moyang'anana ndi Kanengo. Wokhala kwinaku akafuna kukaona mnzake kwinako amayamba wadutsa mzinda wonse. Tsegulani mapu pafoni, ikani chala pa ofesi yanu, kenako muone madera amene aizungulira.

Mwachidule zimakhala chonchi. Wa ku Kanengo ayang'ane 25, 49 ndi 18. Wa ku City Centre kapena ku Capital Hill ayambe ndi 18, aonenso 47, 49 ndi Kauma amene wabisala kuseri kwa nyumba za mabwana. Wa ku Old Town ali ndi Kawale, Biwi, Mchesi, Falls, Chilinde, 23, 36 ndi Chinsapo chaku msewu wa ku Likuni. Sankhanipo madera atatu okha. Mukachulutsa mudzatha miyezi mukungozungulira, ndalama zikuthera pa thiransipoti.

Chachiwiri: werengani maminibasi, muwaphatikize ku lendi

Apa ndi pamene ambiri timagwera. Timamva mtengo wa lendi, mtima n'kukhala pansi, n'kuiwala kuti ulendo wa kuntchito nawo ndi lendi, kungoti wakewo timalipira tsiku ndi tsiku kwa kondakitala.

Maminibasi ambiri a mumzinda muno amakathera ku depoti ya ku Old Town. Mukakhala kummwera koma ntchito ili kumpoto, nthawi zambiri mumakwera kawiri popita, kawiri pobwera. Tingoyerekeza kuti minibasi imodzi ndi K1,500, inuyo muikepo mtengo wa lero. Wokwera kanayi patsiku watha K6,000, ndipo pa masiku 22 ogwira ntchito ndi K132,000. Wokwera kawiri patsiku watha K66,000. Ndiye nyumba yakutali ija, imene mumaiyamikira kuti ndi yotsikirapo ndi K40,000, ikukudyerani ndalama zambiri kuposa yapafupi. Onjezanipo kabaza wochoka pa siteji kukafika pakhomo masiku amene mwaweruka mochedwa, ndi chakudya cha masana chimene wokhala pafupi akanatha kukadya kunyumba.

Pali chinanso. Lendi mumagwirizana ndi mwininyumba ndipo imakhazikika kwa miyezi ingapo. Mtengo wa minibasi ulibe pangano. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mafuta anakwera ndipo makondakitala sanadikire mawa. Mafuta akasowa, magalimoto n'kumagona pamizere ku mafilingi siteshoni, mtengo umakwera pamene anthu achuluka pa siteji. Ngakhale mvula ya madzulo imakweza mtengo. Masiku oterowo munthu amene angathe kuyenda wapansi kapena kupalasa njinga kukafika kuntchito ndiye mfumu. Choncho pa madera atatu aja, dzifunseni kuti: tsiku limene kulibe minibasi, ndingafike pa miyendo yanga? Ngati yankho ndi mphindi 40, dera limenelo lisungeni pamtima.

Amene muli ndi galimoto musaganize kuti izi sizikukukhudzani. Werengani malita, ndipo muwerengenso maraundabauti ndi milatho imene muziwoloka.

Chachitatu: uyendeni ulendowo, pa ola lake lenileni

Mapu a pafoni sadziwa kuti minibasi imaima pa siteji mpaka itadzaza, kondakitala akumenya chitseko, oitanira akukokerana chikwama chanu. Sadziwanso kuti ena mwa amene akhala m'katimo si apaulendo, angowakhazikamo kuti inu muone ngati yatsala pang'ono kunyamuka.

Pezani tsiku la pakati pa sabata, mudzuke m'mamawa, mukaime pa siteji ya dera limene mukulifunalo nthawi imene muzidzanyamuka. Yang'anani wotchi. Mwadikira mphindi zingati? Anthu akukwera mwaulemu kapena akulimbirana pakhomo? Minibasi zikufika zopanda anthu kapena zadzadza kale kumene zachokera? Funso lomalizali ndi lalikulu, chifukwa wokhala pakati pa njira amatha kuona minibasi zisanu zikudutsa iye ali chiimire, pamene wokhala kumapeto kwa njira wakhala kale pampando wapawindo.

Mubwerezenso madzulo, cha m'ma 5 koloko, kuchokera ku ofesi kupita kuderalo. Ulendo wa madzulo ndi umene umasonyeza zoona. Pa mlatho wa mtsinje wa Lilongwe pafupi ndi msika, pa Crossroads, ndi pa M1 kulowera ku Kanengo, ndi pamene mzinda wonse umakumana. Misewu ina aikulitsa zaka zapitazi ndipo zinthu zinasinthako, n'chifukwa chake musadalire nkhani za munthu amene anachoka kuno kalekale. Nyengo ya malonda a fodya, kuyambira cha m'ma Epulo, ku Kanengo kumadzaza malole, ndiye wa kumeneko afunse anzake a kuntchito kuti miyezi imeneyo amanyamuka nthawi yanji.

Chachinayi: moyo umene mukuufunawo ndi wotani?

Mwina mukufuna dera lochangamuka, losagona msanga. Ndikumvetsa. Ndinakhalapo m'dera la mipanda italiitali, kumene ikangokwana 6 koloko kunja kumangoti zii, mchere ukatha ndiye kuti mudya ndiwo zopanda mchere, ndipo mukadwala usiku oyandikana nawo adzamva mawa kwa mlonda. Munthu wobwera kumene, wopanda galimoto, dera lotere limamusungulumwitsa.

Koma kuchangamuka kuli pawiri. Kulipo kumene kumakutumikirani: msika woti mugule tomato ndi bonya poweruka, okala yotseka mochedwa, chiwaya cha tchipisi pakona, wometa, saluni, ejenti wa Airtel Money kapena Mpamba amene amakhala ndi ndalama zokwanira, famase, chigayo, makabaza pa siteji mpaka usiku, tchalitchi kapena mzikiti wofikako wapansi. Kulinso kuchangamuka kumene kumakulowerani pawindo 2 koloko usiku, zimasipika zikugwedeza malata, Lolemba muli ndi msonkhano ndi abwana.

Zonse ziwiri zimapezeka malo amodzi. Pa Bwandilo ku 47 pali nyama yootcha, mabala ndi anthu mpaka mbandakucha. Pa Nsungwi ku 25 pali chilichonse chimene munthu angafune, ndipo phokoso lake ndi lomwelo. Ku Biwi kuli amakaniko ndi masitolo a zipangizo za galimoto, ku Mchesi akalipentala ndi matabwa, moti kumeneko nyundo imayamba kulira inu musanasambe. Malangizo anga ndi awa: khalani poti mukhoza kuyenda wapansi kukafika pamene pali moyopo, mphindi khumi kapena khumi ndi zisanu, koma mukatseka chitseko nyimbo zisamamveke mawu ake. Mizere itatu kapena inayi ya nyumba kuchoka pamsewu waukulu imasintha zambiri. Fumbi nalo limachepa.

Kuti mudziwe zimenezi, pitaniko Lachisanu usiku, makamaka la kumapeto kwa mwezi anthu atalandira. Imani pageti pa nyumbayo, khalani chete, mumvetsere. Tengani mnzanu, musapite nokha. Mupitenso Lamulungu m'mawa. Nyumba yoyandikana nayo imene Lachitatu masana imaoneka ngati mosungiramo katundu, mwina ndi tchalitchi cha zimkuzamawu zinayi chimene chimachezera mapemphero Lachisanu lililonse. Sindikunyoza mapemphero, koma ndi bwino kudziwiratu kuti muzipemphera nawo muli pabedi.

Chachisanu: madzi, magetsi ndi matope

Mwininyumba mukamufunsa za madzi adzati savuta. Ejenti wa nyumba adzati satha n'komwe. Inu tsegulani mpopi, koma musakhutire, chifukwa madera ena madzi amabwera usiku okha, kapena amatuluka pampopi wapanja n'kulephera kukwera mu shawa. Yang'anani pakhonde la oyandikana nawo. Mukaona migolo, zigubu ndi ndowa zitandandalikidwa, mwayankhidwa. Ngati pali amayi akuchapa, apatseni moni, muwafunse mwaulemu kuti, "Mayi, kuno madzi amasiya masiku angati pasabata?" Iwowo alibe chifukwa chokunamizani. Afunseninso kumene amakatunga akasiya, kaya pa kiyosiki, pa mjigo kapena pachitsime, ndi kutalika kwake.

Za mita funsani mosachita manyazi. Mita ya madzi ndi ya magetsi ndi yanu nokha kapena ndi yogawana? Mita yogawana yadanitsa anthu ambiri kuposa miseche. Inu mumachoka m'mawa n'kubwera usiku, anzanu atsala akuphika nyemba pa hotipuleti ndi kusita zovala za banja lonse, koma pogula mayunitsi akuti tigawane mofanana. Ngati palibe kuchitira mwina, mugwirizane kagawidwe kake musanalowe, ndipo kalembedwe. Funsaninso ngati amene anatulukamo anasiya ngongole ku Lilongwe Water Board kapena ku ESCOM, ndipo muone risiti yomaliza ndi maso anu.

Tsopano matope. Nyumba yanga yachiwiri ndinaipeza mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, pabwalo pali mbee, mtengo wa mango uli ndi mthunzi wabwino. Ndinaona kuti pakhomo lolowera anamangapo kakhoma ka njerwa ziwiri kutalika, koti uzichita kudumpha, ndipo ndinangoti ndi kamangidwe ka eni ake. Mu Januwale ndinadziwa ntchito yake. Madzi onse a mumsewu ankatsikira pabwalo langa, ndipo usiku wina anakadumpha kakhomako n'kundinyowetsera matiresi ndi mabuku. Eni nyumba anangoti, "Chaka chino mvula yachuluka." Oyandikana nawo anandiuza kuti amanena zomwezo chaka chilichonse.

Ndiye ngati mukusaka nyumba m'chilimwe, sakani zizindikiro za dzinja. Onani mzere wa dothi m'munsi mwa khoma, penti yotukumuka, matumba a mchenga pageti, madontho achikasu pa siling'i, ngalande zodzadza zinyalala. Onani ngati nyumbayo yakhala m'munsi mwa msewu. Ikakhala pafupi ndi mtsinje kapena dambo, ganizani kawiri. Mu Febuluwale 2017 mtsinje wa Lingadzi unasefukira n'kuwononga nyumba ku Mtandire ndi madera oyandikana nawo, ndipo ena anachita kupulumutsidwa ndi asilikali. Msewu wochoka pa tala kukafika pakhomo nawonso uoneni bwino. Ngati ndi wadothi lofiira lokhala ndi zigwembe, dziwani kuti mu Febuluwale muziyenda ndi mapeyala awiri a nsapato, ina m'jumbo, ndipo wakabaza azikuwonjezerani mtengo.

Imbaniponso foni muli m'kati mwa nyumbamo, kuchipinda chogona, muone ngati netiweki ndi intaneti zikugwira.

Chachisanu ndi chimodzi: kuchoka pa siteji kufika pageti

Chitetezo cha dera sichiyezedwa ndi kutalika kwa mpanda. Chimene muyenera kuchiona ndi kanjira kamene muziyenda mutatsika minibasi, kunja kutada, foni ili m'thumba, laputopu ya kuofesi ili kumsana. Kodi kali ndi nyumba mbali zonse, kapena kakudutsa pabwalo la mpira, pamanda, pamlatho wa mitengo? Ku Lilongwe anthu amalima chimanga paliponse pamene pali malo, ndipo njira yachidule imene mu Seputembala mumaona kutali, pofika Malichi imakhala ili m'kati mwa munda wotalika kuposa inu.

Funsani akabaza a pa siteji kuti amaweruka nthawi yanji, ndiponso kuti ndi njira iti imene amakana kupitako usiku. Amadziwa zonse. Funsani wa pa okala ngati kuli a neba oyendera usiku, ndi ndalama zimene khomo lililonse limasonkha. Dziwani kumene kuli polisi yapafupi ndi chipatala choti mungathamangireko usiku. Apa ndi pamene dera lochangamuka limapambana: msewu umene uli ndi ogulitsa chimanga chootcha ndi ma okala oyatsa magetsi mpaka 9 koloko ndi wabwino kuyendamo kuposa msewu wokongola wopanda munthu.

Chachisanu ndi chiwiri: ejenti, alandilodi ndi ndalama zanu

Nyumba zambiri zabwino sizifika pa Facebook. Zimapita kwa mnzake wa amene akutulukamo. Uzani anzanu a kuntchito, a kutchalitchi kapena kumzikiti, ngakhale mlonda wa pa ofesi, kuti mukusaka nyumba kudera lakuti, ya ndalama zakuti. Yendaninso m'deralo Loweruka, muzifunsa m'ma okala. Kumapeto kwa mwezi ndi pamene anthu amasamuka.

Mukadzera kwa ejenti, gwirizanani zonse musanakwere naye kabaza: yoonetsa nyumba ndi zingati, ndipo mukaikonda adzafuna zingati. Musatumize ndalama pafoni chifukwa cha zithunzi, ngakhale atakuuzani kuti pali anthu ena atatu amene akuifuna lero lomwe. Mawu amenewo ndi nyambo. Lendi iperekedwe kwa mwininyumba, mutakumana naye maso ndi maso, mutalowa m'nyumbamo, ndipo oyandikana nawo atatsimikiza kuti ameneyo ndiyedi mwini wake. Zimachitika kuti amene akukulandirani ndalama nayenso ndi wa lendi, kapena ndi mwana wa eni ake amene makolo ake sakudziwa kalikonse.

Eni nyumba ambiri amafuna miyezi itatu pakamodzi. Konzekerani, koma kukambirana sikuletsedwa, makamaka mukaonetsa kuti muli pantchito yokhazikika. Pangano lilembedwe, ngakhale papepala la m'kope, aliyense asaine ndi kusunga lake, pakhale ndi mboni. Mulembemo lendi, tsiku lolipira, nthawi yodziwitsana wina akafuna kutuluka kapena kukweza mtengo, amene azikonza zikawonongeka, ndi mmene dipoziti idzabwezedwere. Ngati mwagwirizana kuti mupente nokha kapena muike zitsulo m'mawindo n'kudula pa lendi, zimenezonso zilembedwe, chifukwa pakamwa pamaiwala. Mukalipira, landirani risiti, kapena sungani uthenga wa pafoni.

Funso limodzi limene ambiri amaliiwala: kodi alandilodi amakhala pompo? Kukhala mpanda umodzi ndi eni nyumba kuli ndi ubwino wake. Pakhomo sipasowa munthu, mpopi ukaphulika amauona okha, ndipo ena amakutengani ngati mwana wawo. Koma funsani malamulo musanapereke ndalama. Geti amakhoma nthawi yanji, ndipo mupatsidwa kiyi wanu? Alendo amaloledwa kugona? Kusesa pabwalo ndi kutsuka bafa, ngati ndi logawana, kumayenda bwanji? Munthu amene mwasankha dera lochangamuka kuti muzitha kukaonera mpira ndi anzanu madzulo, simungakhale pa mpanda umene amakhoma 8 koloko, n'kumagogoda ngati mwana wothawa kusukulu. Njira yachidule yodziwira khalidwe la eni nyumba ndi kufunsa kuti amene anatulukamo anakhala nthawi yaitali bwanji. Mukamva kuti chaka chino chokha mwadutsa mabanja atatu, thokozani, mutsanzike.

Tsiku lolowa

Musanatsitse katundu, jambulani pafoni chilichonse chimene mwachipeza chowonongeka: galasi losweka, matailosi ong'aluka, chitseko chosatsekeka, soketi yopsa. Tumizani zithunzizo kwa mwininyumba tsiku lomwelo kuti deti ioneke. Lembani manambala a pa mita zonse ziwiri. Sinthani loko wa chitseko chakunja, chifukwa simukudziwa kuti makiyi akale ali ndi anthu angati, ndipo wakaleyo musunge kuti mudzabwezeretse potuluka.

Madzulo ake, musanayambe n'komwe kupachika makatani, gogodani kwa oyandikana nawo mbali zonse ziwiri, munene dzina lanu ndi kwanu. Afunseni kuti amfumu kapena a buloko lida a dera lino amakhala pati, zinyalala amataya kuti, ndiponso kuti za maliro amasonkha bwanji. Mutenge nambala ya wakabaza mmodzi amene iwowo amamukhulupirira, ndipo alamu ya Lolemba muitchere mphindi 20 msanga kuposa mmene munayezera tsiku lija.